Maginito a Hatchi ya Amalume

Ku Madzimoyo konse kunali hatchi imodzi yokha, ndipo inali ya amalume anga, alongo awo a mayi. Amalumewo anagwira ntchito zaka zambiri pa famu ina kufupi ndi Lusaka, kusamalira mahatchi a mzungu. Famuyo itagulitsidwa, mahatchi amphamvu anapeza ogula, koma panatsala imodzi yokalamba, yofiirira, ya banga loyera pamphumi, imene palibe anaifuna. Mwini famu anati ingoomberedwa. Amalume anaipempha, naikweza pa lole imene inkabwera kuno kudzatenga mtedza, ndipo anafika nayo kumudzi ngati munthu wobwera ndi mkazi wachiwiri. Amene ankanena choncho ndi azakhali, akazi awo.

Hatchiyo sinkalima, sinkakoka ngolo. Eni ng'ombe ankaiseka kuti ndi chiweto chodziwa kudya basi. Amalume analibe nazo kanthu. Anaimangira khola la denga la malata pomwe khitchini ya azakhali inali yofolera ndi udzu, ndipo m'mawa uliwonse ankaipesa ndi bulashi imene anabwera nayo ku Lusaka.

Ine ndine telala. Ndili ndi kashopu ku Kapata, pafupi ndi msika, momwe ndimasoka mayunifolomu a sukulu ndi madiresi a amayi a kwaya. Mayi anga atamwalira, amalume ndiwo anatsala kholo langa, choncho Lamlungu limene ntchito yandilola ndinkakwera minibasi kukawaona.

Nyamakazi inawagwira onse awiri, amalume ndi hatchi yawo. Ikafika Juni, amalume ankadzuka pampando mwa zigawo: poyamba mutu, kenako msana, mawondo n'kumabwera pambuyo akulira. Zala zawo zinali ndi mfundo zotupa moti kumanga mabatani a malaya inali nkhondo. Nayo hatchi inkatuluka m'khola ngati ikuponda paminga, miyendo yakutsogolo itauma gwa, ndipo inkatenga nthawi isanayambe kuyenda bwino. Azakhali ankati, "Pakhomo pano ndili ndi nkhalamba ziwiri, koma imodzi yokha ndiyo siidandaula."

Bambo wina wogulitsa zovala za maginito ndinamuona koyamba Lamlungu lina titangotuluka m'Misa, pa katchalitchi ka kumudziko. Anali atayala nsalu yakuda pa tebulo pansi pa mtengo wa mango, n'kuikapo zibangili zonyezimira, malamba a m'chiuno ndi zomanga m'mawondo. Anavala suti yotuwa ndi nsapato zopukuta bwino, ndipo ndinadabwa kuti wadutsa pati, poti fumbi la Madzimoyo silisiya munthu. Ankalankhula mwaulemu, mawu otsika, osati mokuwa ngati anyamata ogulitsa mankhwala a mano pamsika. Chimene chinandikayikitsa poyamba ndi ulemu umenewo. Unali wosalala kwambiri, ngati nsalu imene wogulitsa safuna kuti uitembenuze uone kunsi kwake.

"M'magazi mwathu muli chitsulo," iye anatero. "Ngakhale anamwino amanena, si choncho? Akati mayi alibe magazi okwanira amam'patsa mapiritsi a chitsulo. Tsono maginito amakoka chiyani? Chitsulo. Magazi amene agona m'mawondo, maginito amawadzutsa kuti ayende. Magazi akayenda, ululu umathawa."

Anthu anagwedeza mitu. Kenako anayang'ana amalume, amene anali atatsamira ndodo yawo.

"Madala, tabwerani kuno. Imani ndi mwendo umodzi, mutambasule manja."

Amalume anayesa. Bambo uja anawakanikiza padzanja ndi zala ziwiri, iwo n'kupendekeka, akanagwa pakadapanda mphunzitsi wa katekisimu kuwagwira. Anawaveka chibangili, nawauza kuti aimenso chimodzimodzi. Anawakanikizanso, koma ulendo uno amalume anaima nji. Amayi ena anaimba nthungululu.

Ine ndinaona kuti poyamba anakanikiza kumapeto kwa dzanja, mokokera kunja, pamene kachiwiri anagwira pafupi ndi chigongono, mokankhira ku thupi. Kapena ndinangoganiza kuti ndaona, poti zinachitika mwamsanga.

"Bambo, tandiyesani inenso," ndinatero.

Anamwetulira. "Amayi, inu muli ndi nyamakazi? Mwana wa dzulodzulo ngati inu? Dikirani kaye mukule, mudzandifuna nokha."

Anthu anaseka, ine n'kutsala ndi manyazi. Amalume anagula chibangili ndi zomanga m'mawondo. Pobwerera kunyumba ndinawauza zimene ndinaona, koma anandidula.

"Mwananga, iwe zinthu izi wazionera pansi pa mango. Ine ndinazionera ku Lusaka. Mahatchi a mpikisano ankafunditsidwa mabulangete okhala ndi maginito m'kati, ena n'kumavekedwa m'miyendo. Ndinkawamanga ndi manja angawa. Ukuganiza kuti mzungu angataye chuma chake pa chinthu chosagwira ntchito?"

"Mzungu yemweyo si amene anafuna kuombera hatchi yanu? Bwanji sanaifunditse bulangetelo kuti ichire?"

Amalume anaima, nandiyang'ana. "Pakamwa pako ndi pa mayi ako," anatero.

Sabata yomweyo anatulukira kushopu kwanga, chinthu chimene sankachita kawirikawiri chifukwa kukwera minibasi kunkawapweteka. Anaika kathumba ka pulasitiki pa tebulo langa lodulira, ndipo timapini tonse timene tinali pafupi tinalumpha n'kukakamira pa kathumbako. M'kati munali timaginito takuda, tozungulira ngati mabatani a jasi. Bambo uja analibe zomanga za hatchi, choncho anawagulitsa topanda kanthu, n'kuwauza kuti apeze telala.

"Undisokere zomanga miyendo yonse inayi," anatero. "Timatumba tikhale m'katimu, timaginito tiyang'ane pamfundo. Ndikujambulira mmene za ku Lusaka zinkaonekera."

Ndikuchotsa timapini tija, kamodzi kanandibaya chala. Dontho la magazi linagwera pa tebulo. Ndinatenga kamaginito kamodzi n'kukaika pafupi ndi dontholo, pafupi kwambiri, kungotsala pang'ono kukhudza.

"Amalume, taonani. Magazi anga aja. Bwanji sakuyenda?"

Anawerama, nayang'anitsitsa. Dontho linangokhala phee.

"Magazi akatuluka m'thupi ndi akufa," iwo anatero. "Usoka kapena ndipite kwa telala wina?"

Ndinasoka. Ndinagula kanivasi yolimba, m'kati ndinaika zidutswa za bulangete lakale kuti zisakhule khungu, ndipo ndinasokerera malamba omangira. Ntchito inatuluka yokongola, sindinama. Mnzanga wokonza mawailesi, amene shopu yake yagundana ndi yanga, anatola kamaginito kamodzi n'kukatembenuza. Anati totere amatiika pa zitseko za makabati kuti zizitsekeka, ndipo kumashopu a amwenye m'tauni amagulitsa m'mapaketi. Amalume nditawauza anati, "Mpeni womwewo umasenda mbatata, womwewo umapha mbuzi. Vuto lili pati?"

Chimene chinandivuta n'chakuti anayambadi kupeza bwino. Pofika kumapeto kwa Ogasiti ndodo ankaiiwala pakhonde. Mu Seputembala ndinawapeza akuyenda ndi hatchi kuchokera kudambo, onse awiri akuponda molimba, hatchi itavala zomanga zanga ngati masokosi a wosewera mpira. Mbiri inamveka mpaka ku Chipangali. Bambo wa maginito anayamba kubwera ndi anthu pakhomo pa amalume kudzaona. Ankaijambula hatchi pa foni yake, n'kumanena kuti, "Munthu akhoza kunama kuti wachira pofuna kukondweretsa wina. Nanga nyama inganame? Hatchi iyi siidziwa kuti maginito n'chiyani, koma taonani."

Mawu amenewo anali amphamvu. Koma ndinkakumbukira kuti chaka chilichonse, kale maginito asanabwere, nkhalamba ziwirizi zinkamasuka kukayamba kutentha. Ndinaonanso zimene zinasintha pakhomopo. Pofuna kumanga zomanga zija, amalume ankawerama m'mawa uliwonse, kutikita miyendo ya hatchi ndi madzi ofunda. Pofuna kuonetsa anthu, ankaiyendetsa mpaka kudambo ndi kubwerako, pamene kale inkangoima pakhola, iwo atakhala pampando. Ndiye chinawamasula n'chiyani? Dzuwa, kuyenda, kapena timabatani ta makabati?

Ndinawafunsa funso limeneli pamaso pa azakhali, tikusenda mtedza pakhonde.

"Iwe ukufuna chiyani kwenikweni?" amalume anafunsa. "Ukufuna ndidwale kuti ukhale wolondola?"

"Ayi. Ndikufuna ndidziwe ngati bambo uja akukudyerani masuku pamutu. Akugwiritsa ntchito hatchi yanu pogulitsa katundu wake. Anthu akugulitsa nkhuku chifukwa cha inu."

"Tsono tidziwa bwanji?"

Ndinali nditaganizapo kale. Ndinati ndisoka zomanga zina zofanana ndendende ndi zoyambazo, za hatchi ndi za mawondo awo, koma m'timatumba ndiikamo tizitsulo wamba, tolemera mofanana. Zakale ndizisokanso ndi nsalu yatsopano kuti zisasiyane. Azakhali okha ndiwo azidziwa kuti izi ndi ziti, ndipo azisinthasintha mmene afunira. Ndikabwera Lamlungu, amalume azinena ngati sabatayo anamva bwino kapena ayi. Chibangili avule kaye.

Ndinkayembekezera kuti akana, koma anaseka. "Soka. Thupi langa si la mwana, limadziwa."

Tizitsuloto ndinatipeza kwa wokonza njinga. Ndinasoka mosamala kwambiri, ulusi umodzi, nsalu imodzi. Chizindikiro chinali kamfundo kakang'ono ka ulusi wofiira kobisika m'mpendero, ndipo ndinawaonetsa azakhali okha.

Lamlungu loyamba amalume anati, "Sabata ino mwandiveka zabodza. Mawondo sanandigonetse." Azakhali anandiyang'ana n'kugwedeza mutu kuti n'zoona. Lamlungu lotsatira anati, "Izi ndiye zenizeni." Zinali zoona. Azakhali anayesa kuwasokoneza powaveka zomwezo masabata awiri otsatizana, koma amalume sanaphonye. Ankanenanso za hatchi molondola: "Sabata ino yavala zenizeni, taona mmene ikupondera."

Ndinayamba kudzikayikira. M'minibasi pobwerera ku Kapata ndinkadzifunsa kuti kapena ndine wouma mutu chabe, munthu wokana chinthu chifukwa choti anandiseka pansi pa mango. Ndani ine, telala, kuti ndidziwe zimene zimachitika m'kati mwa bondo? Ndinafika mpaka poganiza zokagulira chibangili mayi wina wa mumpingo mwathu amene zala zinamupindika.

Koma tsiku lina ndinafika kumudzi m'mawa kuposa nthawi zonse, chifukwa ndinapeza lifiti ya galimoto ya feteleza. Pakhonde panalibe munthu. Ndinazungulira kuseri, ndipo ndinawaona amalume ali m'khola, atawerama pa mwendo wa hatchi. M'dzanja anali ndi msomali. Anauyandikiza pa chomanga, msomali n'kukakamira. Anauchotsa, nauyesa pa bondo lawo, n'kuubweza m'thumba la malaya.

"Mwadzuka bwanji, amalume?"

Anadzidzimuka, koma sanachite manyazi ngakhale pang'ono.

"Wabwera ngati mbala bwanji?"

"Ndaona msomali."

"Eya, waona. Nanga ndikanatani? Ndikanadziwa bwanji kuti iwe ndi azakhali ako simunapangane zondiveka zabodza masabata onse, kenako n'kudzanena kuti taonani, sanazindikire? Iwe umakayikira bambo uja. Ine ndimakayikira iwe. Unasoka zinthuzi utaweruza kale mlandu."

Ndinafuna kukwiya, koma mawu awo anali ndi choonadi chake. Sindinasoke kuti ndidziwe. Ndinasoka kuti ndiwagwire.

"Ndiye kuti mwakhala mukuyesa ndi msomali kuyambira pachiyambi?"

"Sabata yoyamba sindinayese. Ndinamva ndekha."

"Zoona?"

"Ukuona? Ukukayikanso."

Mpaka lero sindidziwa ngati sabata yoyambayo anamvadi okha, kapena anangolota n'kulondola, kapena msomali unalipo kale. Ndinapita kukafunsa azakhali, amene ankatsuka mbale kuseri kwa khitchini, kuti iwo aona chiyani pa hatchi masabata onsewa.

"Ine?" anatero. "Tsiku lina imayenda bwino, tsiku lina imatsimphina. Kukachita mitambo imauma, kaya yavala za ulusi wofiira kaya zinazo. Koma usandilowetse m'nkhani zanu. Ine ndimagona nawo nyumba imodzi."

Kuyesa kuja kunathera pomwepo. Amalume anavalanso chibangili chawo, zomanga za tizitsulo wamba n'kuziponya padenga la nkhokwe.

Mvula itayamba, azakhali anabwera okha kushopu. Anakhala pa benchi ya makasitomala, nayamba nkhani za mbewu ndi za mtengo wa feteleza, ndipo ndinadziwa kuti abwerera china. Pomaliza anati amalume asiya kumwa mapiritsi awo. Kuwonjezera pa nyamakazi anali ndi matenda othamanga magazi, ndipo ankalandira mankhwala kukiliniki mwezi ndi mwezi. Bambo uja anawagulitsa lamba wa m'chiuno, nawauza kuti magazi akamayenda bwino mapiritsi amangolemetsa impso.

"Anawauza kuti asiye?" ndinafunsa.

"Sananene kuti siyani. Munthu uja sanena chinthu chogwirika. Anangoti ambiri amene avala lambayu saonanso chifukwa chopitira kukiliniki. Tsono dzana amalume ako anagwa m'munda. Akuti anapunthwa. M'munda wolimalima, apunthwa pa chiyani? Ndipo mutu ukuwapweteka, amangomanga kansalu."

Tsiku lotsatira ndinatseka shopu n'kupita kumudzi. Amalume sindinawanyengerere. Ndinawauza kuti akakana kupita kukiliniki ndikaitana abale onse a mayi, ndipo nkhani ya msomali ndikaifotokoza pabwalo la tchalitchi. Anavala jekete mokwiya, tinapita.

Amene anatiwona anali dokotala wachitsikana, wotopa, pamzere pali anthu ambiri. Atawayeza anafunsa kuti mapiritsi anasiya liti. Amalume anakweza malaya kumuonetsa lamba, natambasula dzanja la chibangili, n'kufotokoza zonse za chitsulo cha m'magazi.

"Agogo, chibangilicho valani ngati mukuchikonda, sichikupwetekani," iye anatero. "Koma sichilowa m'malo mwa mapiritsi. Mmene magazi anu akwereramu, mukanatha kufa ziwalo m'munda momwemo."

"Nanga pa nyamakazi, chimathandiza kapena ayi?" ndinafunsa ine, ndikufuna kuti anene mawu amodzi odula nkhani.

"Ena amati akumva bwino akavala. Ine sindinaonepo bondo lotupa likuphwa chifukwa cha chibangili. Nyamakazi imeneyi imabwera ndi kupita yokha, malinga ndi nyengo ndiponso mmene munthu akugwiritsira ntchito thupi. Aziyenda, azithowa ndi madzi ofunda, ululu ukakula tiziwapatsa ochepetsa."

"Ochepetsa," amalume anabwereza. "Ochiritsa mulibe?"

"Tilibe, agogo. Mafupa akaperepeseka sabwerera."

Titatuluka amalume anandiuza kuti, "Wamva? Nayenso alibe mankhwala. Kusiyana kwake n'kwakuti uyu wavomera." Sindinadziwe ngati akumuyamika kapena akumunyoza. Koma mapiritsi anayambanso kumwa, azakhali akuwayang'anira mpaka ameze.

Chisanu cha chaka chotsatira chinali choopsa. M'mawa udzu wa kudambo unkayera mbuu. Nyamakazi inabwerera pa onse awiri, yoposa kale, chibangili chili padzanja, lamba ali m'chiuno, zomanga zili m'miyendo. Bambo uja atabwera pa ulendo wake wa mwezi ndi mwezi, ine ndinalipo. Amalume anam'dandaulira, ndipo iye anagwedeza mutu mwachisoni ngati wamva za maliro.

"N'zimene ndimaopa, madala. Maginito amatha mphamvu, ngati mabatire. Chaka chathunthu akukoka matenda, atopa. Ndabwera ndi atsopano, amphamvu kuposa aja."

Amalume anawerama. Anamasula chomanga cha bondo lawo, nachiyandikiza pa khasu limene linali litatsamira khoma. Chinakakamira mwamphamvu moti pochichotsa khasu linagwa.

"Atha mphamvu awa?"

"Mphamvu yokoka chitsulo ndi ina, madala, yochiritsa ndi ina."

"Chaka chatha munati ndi imodzi. Munati amachiritsa chifukwa amakoka chitsulo cha m'magazi."

Bambo uja anaseka pang'ono, nayamba kufotokoza zina zazitali. Amalume anamvetsera mpaka anamaliza, kenako anati, "Mwayenda ulendo wautali. Amayi, apatseni madzi akumwa alendowa, azipita kusanatenthe." Kunja kunali kozizira moti tonse tinali m'majuzi. Bamboyo anamva, natseka chikwama chake. Pakhomopo sanapondeponso.

Amalume sanandiuze kuti ndinalondola, ndipo ine sindinafunse. Panalibe nthawi yake, chifukwa hatchi inali itayamba kufooka. Pansi pa zomanga panali patatuluka zilonda, chifukwa m'nyengo ya mvula chinyezi chinkatsalira m'bulangete muja. Mlangizi wa ziweto atabwera anati zichotsedwe, khungu lipume, natisiyira mankhwala opaka. Za miyendo anati ndi ukalamba, palibe chochita koposa kuifunditsa ndi kuiyendetsa pang'onopang'ono.

M'mawa wina mu Julayi hatchi inalephera kudzuka. Azakhali anandiimbira foni, ndipo pamene ndinkafika ndinapeza amuna a m'mudzi atadzaza pakhola, omwe aja ankaiseka. Anailowetsa mitengo pansi pa mimba, nayesa kuinyamula. Inkaima pang'ono, miyendo ikunjenjemera, n'kugwanso. Amalume anali atagwada pamutu pake, akuilankhula Chingelezi cha ku famu chimene sindinawamvepo akulankhula ndi munthu. Mmodzi wa amunawo anati chikufunika ndi chinsalu cholimba chodutsa pansi pa mimba, chomangirira kumitanda ya denga, kuti chiithandize kunyamula thupi. Onse anatembenukira kwa ine.

Ndinabwerera ku Kapata tsiku lomwelo, ndinagula tenti yakale ya lole, ndipo ndinaisoka mipendero itatu, singano zikuthyoka. M'mawa mwake tinaikoleka. Hatchi inaima, theka pa miyendo yake, theka pa nsalu yanga, n'kuyamba kudya gaga m'beseni. Amalume anayendetsa dzanja pa msoko, naukoka kuti aone ngati ulimba.

"Mulibe kanthu m'katimu?" anafunsa.

"Mulibe. Ndi nsalu ndi ulusi basi."

"Chabwino."

Kutayamba kutentha inatha kuyendanso yokha, ngakhale kudambo sinafikekonso. Inkazungulira pabwalo, amalume ali pambali pake ndi ndodo. Inafa mvula yoyamba itangogwa, masana, itagona pansi pa mtengo wa msuku kuseri kwa khola. Anthu ena anabwera ndi mipeni ndi mabeseni, akuti nyama yonseyi isawonongeke. Amalume anawabweza. Anyamata anakumba dzenje lalikulu kumapeto kwa munda wa thonje, ng'ombe za aneba n'kuikokera kumeneko. Zomanga zonse, za maginito ndi zija za padenga la nkhokwe, pamodzi ndi lamba uja, azakhali anaziponya m'dzenje momwemo osafunsa munthu.

Chibangili chokha amalume anatsala nacho, ndipo akuvalabe. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake, poti bambo uja anam'thamangitsa okha.

"Ndikachivula, azakhali ako anena kuti wapambana ndiwe," anatero. "Komanso sunanditsimikizire kuti sichigwira ntchito. Unangonditsimikizira kuti munthu uja ndi wabodza. Wabodza akhoza kugulitsa chinthu chabwino."

Mawondo awo amauma mu Juni, n'kumasuka mu Seputembala.

Bambo wa maginito ndinakumana nayenso miyezi ingapo yapitayi pa siteshoni ya mabasi m'tauni. Zibangili anasiya. Tsopano ali ndi kabeseni ka magetsi koviikamo mapazi, madzi ake amasanduka ofiirira, akuti ndi poizoni wotuluka m'thupi. Anandizindikira, nandipatsa moni ndi manja awiri.

"Amayi a telala! Madala ali bwanji? Nanga hatchi ija?"

"Hatchi inafa. Amalume alipo."

"Pepani kwambiri. Inali nyama yabwino. Mubwere nawo madala adzayese makinawa, koyamba sindidzawalipiritsa."

Ndinati ndamva. Pamene ankawerama kuti anyamule kabeseni kake, ndinaona kuti akuvutika kupinda mwendo wakumanja. Anagwira tebulo, nakweza buluku pang'ono kuti akonze china chake, ndipo pa bondo pake panali chomanga cha maginito, chakale, chothothoka m'mphepete, chooneka kuti chavalidwa masiku ambiri. Panalibe kasitomala pafupi woti amuonetse. Anachikokera m'malo mwake, natsitsa buluku, n'kupita kukataya madzi aja m'ngalande akutsimphina.

Kondakitala wa minibasi ya ku Kapata anali akuitana, ndipo ndinakwera.